Tatopa Kudikira Kuti Motoka Idzaze

Mwezi watha ndinaperekeza amai anga aang'ono kuchokera ku Nyimba kupita ku chipatala ku Petauke. Anawauza kuti afike m'mamawa. Tinaima pamseu dzuwa lisanatuluke, n'kukwera kamotoka ka mipando 7. Dalaivala anati, "Amai, khalani bwino, tinyamuka manje manje." Maola awiri anatha tili pomwepo, kudikira kuti motoka idzaze. Ponyamuka tinali anthu 10, mwana wa eni ali pamiyendo panga. Tinapeza mzere utatalika kale, ndipo amai anauzidwa kuti abwerenso mawa lake. Ndalama ya ulendo wachiwiri tinachita kukongola.

Dalaivala uja sindimuda. Nayenso ali ndi ndalama yoti akapereke kwa mwini motoka madzulo. Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chathu choona ngati umu ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Kuchokera ku Nyimba kufika ku Petauke ndi makilomita pafupifupi 70. Mseu wa Great East ndi wa tara, ndipo unakonzedwanso kuyambira pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami. Tsiku lililonse mabasi akuluakulu ochokera ku Intercity ku Lusaka amadutsa kupita ku Chipata. Amaima pa Nyimba, apaulendo agula nthochi zathu, basi n'kupita. Mabasi amenewo si athu. Mpando umaupeza ngati wina watsika, ndipo ambiri amakusiya pa turn-off, pomwe boma la Petauke lili makilomita ngati 5 kuchoka pamenepo. Apo uyambenso kukambirana mtengo ndi wa takisi kapena wa njinga yamoto. Mseu wabwino tili nawo, koma umatumikira odutsa kuposa ife okhala m'mbali mwake.

Chimene ndikufuna si chachikulu. Mabasi awiri a mipando pafupifupi 30, ina yonyamuka ku Nyimba, ina ku Petauke, kudutsa pa Minga, kulowa mpaka ku boma. Nthawi yonyamukira ilembedwe pa bolodi pa sitesheni, ndipo basi inyamuke pa nthawi yakeyo, kaya yadzaza kaya ili ndi anthu asanu. Mtengo ukhale umodzi, wodziwika kwa aliyense, osati wokwera chifukwa kwagwa mvula kapena chifukwa wavala nsapato zabwino.

Akuluakulu ena amati boma linayesa kale. Inde, kunali UBZ, ndipo inathetsedwa mu 1995. Koma imene inagwa ndi kampani imodzi yaikulu yoyendetsedwa kuchokera kutali. Anthu ofuna kufika ku chipatala pa nthawi yake sanathe nayo limodzi. Zaka 30 zapita tikuuzidwa kuti amalonda adzatseka mpata umenewo. M'matauni aakulu anautsekako. Kuno anatipatsa kudikira.

Ena amati basi yonyamuka ndi mipando yopanda anthu iluza. Masabata oyamba iluzadi. Koma munthu akadziwa kuti basi ya m'mawa siphonya, amakonza tsiku lake molingana nayo. Mphunzitsi, nesi, mai wogulitsa nshawa, mwana wa sukulu wotsekera temu, onsewa amayenda kale. Lero amamwazikana m'timotoka khumi chifukwa palibe chodalirika choti aunjikanepo.

Nanga anyamata a njinga zamoto, tiwalanda nsima? Ambiri a iwo ndi anzanga. Ntchito yawo yeniyeni ili m'timisewu ta fumbi tolowa m'midzi, kumene basi singafike. Basi ikamatsitsa anthu pa nthawi yodziwika, iwo azidziwa poimirira ndi nthawi yake. Chimene chiyenera kutha ndi kunyamula mai ndi khanda ndi thumba la chimanga pa njinga imodzi, opanda chipewa, pakati pa malole opita ku Malawi.

Ndalama zichokera kuti? Mu 2022 CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. Mkati mwake muli ngongole za makopaletivu a achinyamata ndi azimai. Masitesheni a basi ali m'manja mwa makhonsolo, ndipo ziphaso zonyamulira anthu zimachokera ku RTSA. Khonsolo ya Nyimba ndi ya Petauke zikhoza kukhala pansi, kugwirizana za nthawi ndi malo oimira, n'kupereka njirayo kwa kopaletivu imene isaine kuti isunga nthawi. Ikalephera, ilandidwe, ipatsidwe ina. Basiyo isakhale ya chipani, kapena ya mlamu wake wa khansala.

Anzanga, mapempho a CDF amayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Ndi angati mwa ife amene anapitako ku msonkhano wake? Timadandaula pa Facebook, koma pamndandanda wa zopempha dzina la basi palibe, chifukwa palibe anakalilembetsa. Ine ndikupita ku msonkhano wotsatira ndi pepala lolembapo nthawi zinayi zonyamukira: 06:00, 10:00, 14:00 ndi 17:00. Amai anga aang'ono anena kuti asaina poyamba. Ndikufuna maina ena pansi pa lawo.