Zitumbuwa ndi Galimoto ya Mapesi

Kwa Chisemphere, m'boma la Kasungu, ndalama zimaoneka m'nyengo ya masika. Fodya akangogulitsidwa ku okushoni, ana ambiri amaumiriza makolo awo kuti awagulire masiwiti, mabisiketi ndi zidole zapulasitiki. Kodi ana inu, zimenezi zimaposadi zapakhomo? Ine ndikuti iyayi.

Taganizirani za zitumbuwa. Amayi amasinja nthochi zakupsa mumtondo, nasakaniza ndi ufa wamgaiwa ndi kamchere pang'ono, kenaka n'kukazinga m'mafuta. Shuga safunika, pakuti nthochi n'zotsekemera kale. Mwana akadya ziwiri, natafunirapo mtedza wokazinga wa chalimbana, amasewera osadandaula mpaka madzulo. Koma masiwiti amangosungunuka m'kamwa, nasiya njala ili pomwepo, ndiponso amawoletsa mano.

Zoseweretsa nazo zili m'munda momwemo. Chimanga chikakololedwa, mapesi amangoti mbwee! Mnyamata waluso amasenda phesi, nadula mtima wake wofewawo, nalumikiza zidutswazo ndi timizere ta khungwa lake mpaka galimoto itatheka. Atsikana amaumba timiphika ndi dothi lakudambo.

Chidole cham'sitolo chikathyoka, mwini wake amangolira. Koma gudumu la galimoto ya mapesi likaguluka, mwini wake amakatola phesi lina n'kukonza tsiku lomwelo.