Kompyuta ya amalume itakana kubwerera m'mbuyo

Loweruka lapitali ndinali kumudzi ku Chiwamba. Ndisanamwe n'komwe madzi, amalume anandikokera pa kompyuta yawo yakale ya Windows 7: "Mphwanga, si unapita ku yunivesite iwe? Tachikonza ichi." Mwana wina anaikamo magemu, ndiye inkangouma. M'menemo ndi momwe muli kaundula wa banki m'khonde, ndalama za eni ake.

Choyamba ndinakopera kaundulayo pa fulashi. Kenako ndinatsegula System Restore, ija imabweza Windows mmene inalili tsiku lina m'mbuyomu. Inayenda pang'ono, n'kulemba kuti zakanika. Thukuta kamukamu, amalume ali chilili pambali.

Nthawi zambiri wosokoneza amakhala antivayirasi, amakakamira mafayilo amene akufunika kusinthidwa. Ndinaizimitsa, poyatsanso n'kumadina F8 mpaka ndinasankha Safe Mode, momwe Windows imadzuka ndi zofunikira zokhazokha. Pa Start ndinalemba rstrui, n'kusankha tsiku limene magemu aja anali asanalowe. Ulendo uno zinatheka.

Anzanga, System Restore sikhudza zithunzi ndi zikalata zanu. Sizifufuta, komanso sibweza zimene munafufuta nokha. Mukapeza mulibe tsiku loti musankhe, mwina System Protection inali yozimitsa. Ndipo musaiyambe batire la sola litatsala pang'ono kutha: ikazima pakatikati, Windows itha kukaniratu kudzuka.

Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, choncho ndinawachenjeza kuti asamailumikize pa intaneti. Iwo anangoti, "Bola ikulemba."