Positi ya ku Zomba Si Mbiri ya Atsamunda Okha

Masiku ano anthu ambiri a m'chigwa cha Domasi akapita mumzinda wa Zomba salowanso mu positi ofesi. Ndalama zimabwera pafoni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo moni wochokera ku Joni amafika pa WhatsApp. Anzanga ena amati tsabola wakale sawawa, choncho nyumba ya positi itagumulidwa palibe angadandaule, pakuti ndi chotsalira cha atsamunda. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo. Nyumba ya positi ya ku Zomba iyenera kusungidwa chifukwa mbiri yake ndi ya makolo athu.

Ndi zoona kuti ntchito ya positi inabwera ndi azungu. Inayamba m'chaka cha 1891, chaka chomwe Harry Johnston anakhazikitsa likulu la boma m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo mzindawu unakhala likulu mpaka 1975. Koma kodi ankanyamula makalatawo ndani? Anali amtengatenga, anthu akuda, omwe ankasenza matumba a makalata wapansi pakati pa Zomba ndi Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 60, mvula ndi dzuwa zikuwathera pathupi. Kanyumba komwe ankapumulirako pa Namaka kanasandutsidwa malo osungirako zinthu zakale. Ngati pomwe ankapumira panasungidwa, nanga komwe ankatula katundu wawo kulekerenji?

Chachiwiri, positi ndiyo inkalumikiza mabanja pa nthawi yomwe abambo ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Halale. Mpaka 1974, pomwe Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito kutsatira ngozi ya ndege ku Francistown, amuna ambirimbiri ankachoka m'midzi chaka ndi chaka. Mayi wotsala pakhomo ankadziwa kuti mwamuna wake ali moyo kalata ikafika. Ikapanda kufika kwa zaka, anthu ankangoti bamboyo watchona. Kuno ku Domasi, komwe mishoni ya Church of Scotland inayamba m'zaka za m'ma 1880, mphunzitsi kapena mwana wasukulu ndiye ankawerengera kalatayo amene sankadziwa kuwerenga, n'kuwalemberanso yankho. Ndalama za msonkho, za fizi ndi zogulira malata zinkadutsa pazenera la positi.

Kwa ife ophunzira ziyankhulo pali chifukwa chachitatu. Makalata amenewa ndi umboni wa momwe anthu wamba ankalembera Chinyanja ndi Chiyao malamulo a kalembedwe omwe timaphunzira lero asanakhazikitsidwe. Mawu monga "sitampa," "keyala" ndi "telegalamu" analowa m'chiyankhulo chathu kudzera pakhomo la positi. Mabuku a amishoni amationetsa chiyankhulo cha m'kalasi ndi cha m'tchalitchi, pomwe makalata amationetsa cha munthu wopukwa kwawo.

Ena anganene kuti dziko losauka lilibe ndalama zosamalira nyumba zakale. Nkhawayi ndi yomveka, koma nyumba imasungika ikamagwiritsidwa ntchito. Bungwe la Malawi Posts Corporation lingathe kupitiriza ntchito zake m'nyumbayi n'kupatula chipinda chimodzi choonetseramo masitampa, zidindo, masikelo ndi makalata akale. Ife ophunzira tingayende m'midzi ya ku Domasi ndi ku Malosa kupempha agogo athu kuti tijambule makalata omwe anasunga m'masutikesi, n'kukapereka zithunzizo ku National Archives, yomwe ili mu Zomba momwemo.

Tisaiwale kuti m'chaka cha 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira zinapsa. Zimenezo zinatayika mwangozi. Makalata a makolo athu akutha ndi chiswe ife tikuona, ndipo eni ake omwe angatifotokozere nkhani zake akutha nawo limodzi. Ntchitoyi tiiyambe iwo akadali moyo.