Aphunzitsi a Zoimbira M'masukulu Mwathu: Achokera Kuti, Nanga Mpando Wao Uli Kuti?

Ku Sunnyside, mu mzinda wa Blantyre, kuli sukulu ya ana ang'ono ya St Andrew's International Primary School, ndipo inzake ya ana okulirapo ili ku Nyambadwe. M'masukulu a mtundu umenewu, amene amatsata maphunziro a ku Mangalande, nyimbo ndi phunziro lokhala ndi mphunzitsi wakewake, nthawi yake ndi zoimbira zake, kotero kuti mwana amaphunzira kuwerenga nyimbo zolembedwa pa mizere isanu ndi kuimba pamodzi ndi anzake m'gulu. Koma munthu akachoka pamenepo nalowera ku Zingwangwa, ku Chilomoni kapena ku Ndirande, apeza masukulu momwe ana mazanamazana amaimba ndi mau okoma pa mzere wa m'mawa, koma ambiri a iwo adzamaliza Sitandade 8 asanagwirepo choimbira chilichonse m'kalasi kupatula ng'oma.

Anthu ambiri akaona kusiyana kumeneku amati vuto ndi ndalama zogulira zoimbira. Ife tikuti vuto loyamba ndi mphunzitsi. Lipenga lopanda wodziwa kuliphunzitsa limachita dzimbiri m'kabati ya ahedi, pamene mphunzitsi waluso amayamba nchito ngakhale ndi zitoliro khumi zokha. Tsono nkofunika kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi ogwira nchito m'Boma, adziwe kumene aphunzitsi a zoimbira a m'dziko muno akhala akuchokera, pakuti mbiri yao ikusonyeza kuti anthuwo tili nao kale, koma mpando wao m'masukulu a Boma ndiwo sunakonzedwe.

Njira yoyamba ndi ya ku mishoni. Amishoni a ku Scotland anafika pa Blantyre m'chaka cha 1876, ndipo sukulu ya Henry Henderson Institute inatsegulidwa mu 1909. Kumpoto, sukulu ya Overtoun ku Livingstonia inayamba mu 1894. M'masukulu a mishoni mphunzitsi aliyense anayenera kudziwa kutsogolera nyimbo, chifukwa mphunzitsi wa pa mudzi ndiye analinso wotsogolera mapemphero. Anaphunzitsidwa kalembedwe ka nyimbo ka Tonic Sol-fa, kamene John Curwen anakafalitsa ku Mangalande kuyambira cha m'ma 1840, ndipo mpaka lero atsogoleri a makwaya athu amalemba d, r, m pa bolodi. Ku Loudon, kumene tsopano timati Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Angoni kupeka nyimbo zao za m'kachisi pa maimbidwe a makolo ao, ndipo maina a Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula amakumbukiridwa chifukwa cha nchito imeneyo. Njira ya mishoni inatipatsa atsogoleri a makwaya ochuluka ndi oimba limba owerengeka. Koma Sol-fa ndi kalembedwe kothandiza kwambiri oimba pakamwa. Mwana wogwira vayolini kapena lipenga amafunika kudziwa kalembedwe ka mizere isanu, kamene aphunzitsi ambiri otuluka m'njira iyi sanakaphunzire mokwanira.

Njira yachiwiri ndi ya ku usilikali. Gulu la King's African Rifles, limene makolo athu ankalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo magulu ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasalande. Bandi ya asilikali inakopa anthu kotero kuti anyamata a m'mphepete mwa nyanja anayamba kuitsanzira ndi zipanda m'malo mwa malipenga a mkuwa, ndipo umo ndimo anakulira magule a malipenga ndi mganda, monganso beni pakati pa Ayao. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, ndipo mabandi a asilikali ndi a apolisi akhala akuphunzitsa anyamata kuwerenga nyimbo, kusamala zoimbira ndi kuimba mogwirizana pansi pa mtsogoleri mmodzi. Tinganene mosaopa kuti kwa zaka zambiri mabandi amenewa ndiwo anali sukulu yeniyeni ya zoimbira zouzira m'dziko muno. Pambali pao panabwera bandi ya wailesi ya MBC, ndipo anthu a mu Blantyre sangaiwale Bambo Wyndham Chechamba, amene anagwirapo nchito ndi bandi imeneyo naphunzitsa anthu ambiri nyimbo mu mzinda uno kwa zaka zochuluka, kunja kwa ndondomeko ya masukulu a Boma.

Njira yachitatu ndi ya ku sukulu za ukachenjede. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo koleji ya Chancellor inasamuka ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973. Kumeneko kunakhazikitsidwa nthambi ya luso la zojambula, zisudzo ndi nyimbo, momwe Mitchel Strumpf wa ku America anaphunzitsa nyimbo kwa zaka zingapo. Mwa amene anadziwika pa maphunziro a nyimbo m'dziko muno ndi Robert Chanunkha, amene mu 2005 anamaliza kafukufuku wake ku Yunivesite ya Pretoria wonena za mavuto a phunziro la nyimbo m'masukulu a m'Malawi. Ku Lilongwe, sukulu ya Music Crossroads Academy inayamba mu 2013 kuphunzitsa achinyamata zoimbira ndi kawerengedwe ka nyimbo. Otuluka m'njira imeneyi ali ndi mapepala, koma ndi ochepa, ndipo akatumizidwa ku sekondale nthawi zambiri amapatsidwa Chingerezi, Chichewa kapena mbiri yakale, popeza ndiwo maphunziro amene ana ambiri amalemba pa mayeso. Ena amapita ku masukulu olipira, ena ku mabungwe, ena amangoimba m'maukwati.

Njira yachinayi ndi ya kumudzi, ndipo imeneyi ndiyo yanyozedwa kopambana. Woimba bangwe, kaligo, sansi, mangolongondo kapena valimba ya ku Nsanje anaphunzira kwa amalume ake kapena kwa mkulu wina wa pa mudzi, pomvera ndi kutsanzira. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anaphunzira motero gitala ndi chitoliro cha kwela ali ana, mpaka Gerhard Kubik wa ku Vienna anawajambula mu 1967. M'chaka cha 1999 Donald Kachamba anaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo zake ku yunivesite ya UCLA mu mzinda wa Los Angeles ku America, ndipo anamwalira mu 2001. Tiyeni tilingalire bwino pamenepa. Munthu wa ku Chileka anayenera kuphunzitsa ophunzira a ku yunivesite ya kutsidya la nyanja. Nanga anzake a luso lofanana nalo, amene alipo lero m'midzi ndi m'makwalala mwathu, ali ndi khomo lotani lolowera m'kalasi ya Sitandade 6 pa sukulu ya kwao?

Kunena zoona, palinso njira yachisanu, ndiyo ya aphunzitsi ochokera kunja. Masukulu onga St Andrew's, ndi Kamuzu Academy imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, akhala akulemba aphunzitsi ambiri kuchokera ku Ulaya. Amenewa amabwera ataphunzira choimbira chao kuyambira ubwana, atadutsa m'magiredi asanu ndi atatu a mayeso a mabungwe onga ABRSM ya ku London, imene inayamba mu 1889, kenaka digiri ndi maphunziro a uphunzitsi. Nchito yao ndi yotamandika ndithu. Komabe akuluakulu anati mlendo ndi mame. Ambiri amabwera pa pangano la zaka zowerengeka, ndipo gulu la zoimbira limene lamangidwa pa munthu mmodzi wa paulendo limagwedezeka tsiku limene iye akwera ndege pa Chileka.

Tsono tikaika njira zonsezi pamodzi tiona chinthu chimodzi: luso lili m'manja mwa ena, setifiketi ili m'manja mwa ena. Kuti munthu alembedwe uphunzitsi ku pulaimale ya Boma ayenera kukhala ndi MSCE ndi kudutsa m'koleji ya aphunzitsi, monga ya Blantyre imene ili ku Soche, kumene amakonzedwa kuti aziphunzitsa maphunziro onse. Ku sekondale kumafunika dipuloma kapena digiri. Malamulo amenewa ndi abwino, pakuti amateteza ana athu kwa anthu osadziwa nchito. Koma zotsatira zake nzakuti sajeni wopuma nchito amene anauzira lipenga zaka makumi awiri alibe polowera, pamene mtsikana wongotuluka kumene m'koleji, amene mwina sanagwirepo choimbira, ndiye apatsidwa phunzirolo.

Sitikunena izi ponyoza zimene Boma lachita. Pamene maphunziro a ku pulaimale anakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kunali koyenera kuti mphamvu zonse zipite pa kupeza aphunzitsi a kuwerenga, kulemba ndi masamu. Pa kusintha kwa maphunziro kwa mu 2007, nyimbo zinaphatikizidwa ndi zojambula, zisudzo, kusoka ndi masewera olimbitsa thupi m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo motero zinasungidwa pa ndandanda ya maphunziro. Koma mphunzitsi mmodzi sangakhale katswiri wa zonsezi, ndiponso popeza mayeso a Sitandade 8 ndi olemba pa pepala, mwana angathe kukhoza potchula maina a zoimbira zimene sanazimvepo kulira.

Ena adzati, ana akuphunzirira pansi pa mitengo, mabuku ndi osakwanira, nanga za malipenga nzachiyani? Funso limeneli ndi lolemera ndipo sitilipeputsa. Yankho lathu nlakuti maiko ena a mu Africa muno anayamba nchito yotere pakati pa umphawi womwewu. Ku Kinshasa, Armand Diangienda, amene kale anali woyendetsa ndege, anayambitsa gulu lalikulu la zoimbira mu 1994, ndipo oimba ake ambiri anayamba osadziwa kanthu, akubwerekana zoimbira. Ku Soweto, Rosemary Nalden anatsegula sukulu ya Buskaid mu 1997, ndipo ena mwa ana amene anawaphunzitsa vayolini anadzakhala aphunzitsi pa sukulu yomweyo. Kwa anansi athu ku Maputo, Eldevina Materula anayambitsa nchito ya Xiquitsi mu 2013 yophunzitsa ana zoimbira. Konseko chinayamba ndi mphunzitsi wokhazikika, ndipo zoimbira zinatsata pambuyo. Ndiponso mwana woimba m'gulu amaphunzira kufika pa nthawi, kumvera mtsogoleri, kudikira nthawi yake ndi kubwereza chinthu mpaka chitalongosoka, makhalidwe amene ofesi iliyonse ya Boma imawafuna kwa kalaliki wake.

Enanso adzati vayolini ndi piyano nza Azungu. Ife tikuti gulu la zoimbira la pa sukulu ya ku Malawi siliyenera kufanana ndi la ku London. Valimba ndi mangolongondo zimapangidwa ndi mitengo ya konkuno, ndipo zikathyoka mmisiri wake ali pafupi. Gulu lokhala ndi valimba, zitoliro, ng'oma ndi malipenga awiri kapena atatu ndi lotheka pa sukulu yosauka. Koma gulu lotere limafuna kuti sajeni wa bandi, womaliza ku Zomba ndi mkulu wa bangwe akhale pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kotero tikupempha Unduna wa Maphunziro kuti ulingalire zinthu zinayi. Choyamba, maofesi a maphunziro a m'maboma alembe maina a anthu onse a m'dera lao odziwa kuphunzitsa zoimbira: opuma ku usilikali ndi ku polisi, oimba limba m'makachisi, akatswiri a zoimbira za makolo, ndi aphunzitsi amene ali kale pa nchito koma luso lao silikugwiritsidwa. Chachiwiri, pakhale mayeso a luso, monga momwe amisiri a matabwa ndi a njerwa amayesedwera pa nchito ya manja ao, ndipo okhoza apatsidwe maphunziro a miyezi yowerengeka a kaphunzitsidwe ndi kasamalidwe ka ana ku Domasi kapena ku Soche, kuti alandire chilolezo chophunzitsa nyimbo zokha. Chachitatu, pakhazikitsidwe udindo wa mphunzitsi wa nyimbo woyendera masukulu. Masukulu a pulaimale ndi ogawidwa kale m'mazoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake ndi nyumba yokumaniramo aphunzitsi. Zoimbira zingasungidwe m'nyumba imeneyo, ndipo mphunzitsi mmodzi angatumikire masukulu angapo pa sabata. Nchitoyi ingayambe mwa kuyesa m'mazoni awiri kapena atatu a mu Blantyre ndi Limbe, kumene anthu oterewa ndi ochuluka. Chachinayi, mphunzitsi wa nyimbo akhale ndi makwerero a maudindo monga anzake, kuti asasiye choimbira chake pofuna kukwezedwa.

Masukulu olipira a ku Sunnyside ndi ku Nyambadwe nawonso angathandize, polola kuti mphunzitsi wochokera kunja azikhala ndi Amalawi ophunzira nchito pambali pake, ochokera m'makoleji a Boma. Potero mlendoyo pochoka adzasiya luso lake m'manja mwa eni dziko.

Kwa inu aphunzitsi akulu, musadikire kalata yochokera ku Lilongwe kuti mufunse pakati pa aphunzitsi anu ndi makolo a ana anu ngati alipo wodziwa choimbira. Komiti ya sukulu ingathe kumuitana masana amodzi pa sabata, mphunzitsi wa kalasi ali pomwepo. Kwa inu a m'maofesi amene mumalemba ndondomeko za maudindo, kumbukirani kuti nyimbo ya pfuko lathu, imene ana amaimba pa mzere, inapekedwa ndi Mmalawi mnzathu, Michael Sauka, ndipo inalandiridwa mu 1964. Ana amene angathe kudzapeka ndi kulemba nyimbo zotere ali m'makalasi a ku Ndirande ndi ku Bangwe lero lino, ndipo anthu oti awaphunzitse akukhala m'makwalala omwewo. Chatsala ndi mzere umodzi m'buku la maudindo a Boma wowalola kulowa m'kalasi ndi kulandira malipiro pa kutha kwa mwezi.