Inhela Iyambe Kufika, Kompyuta Itsatire

Sabata imodzi ya mwezi wa Meyi 2025 inatibweretsera nkhani ziwiri zimene ife tikukana kuzilekanitsa. Lachiwiri pa 6 Meyi mayiko anakumbukira tsiku la matenda a mphumu, ndipo uthenga wa chaka chimenecho unali wakuti mankhwala opopera mkamwa afike kwa aliyense. Patangopita masiku awiri, kazembe wa America, a Michael Gonzales, analengeza ku Lusaka kuti boma lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa cha umbava wa mankhwalawo. Poyankha, Unduna wa Zaumoyo unatchula mwa zina njira ya pakompyuta yolondolera mankhwala. Mayankho otere tawazolowera, pakuti masiku ano vuto lililonse la m'chipatala amalipezera kompyuta. Amene safunsidwa kwenikweni ndi anamwino ndi ma clinical officer a m'maboma ngati Chadiza, omwe amalandira munthu wobanika pakati pa usiku.

Matenda a m'mapapo okhalitsa si achilendo ku Chadiza, kaya kwa Mlolo, kwa Zingalume kapena kwa Mwangala. Amayi akalambira pamafuwa, akupuma utsi wa nkhuni ndi zitsononkho m'kakhitchini kopanda zenera, ndipo mwaye umene wadetsa denga sunalambalale chifuwa chawo. Abambo ena asuta fodya wopichira kuyambira unyamata, ena anabwera ndi fumbi la kumigodi ya ku Copperbelt, enanso anachira TB koma mapapo anatsala ndi zipsera. Bungwe la WHO likuti matenda otseka njira za mpweya, otchedwa COPD, anapha anthu oposa 3 miliyoni mu 2019, ndipo mwa omwalira nawo asanafike zaka 70, pafupifupi 90 pa 100 aliwonse ndi a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Matendawa sachirika ngati malungo. Amafuna kutsatiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo m'pamene zida zamakono zimaoneka zokopa.

Tinene chilungamo, ogwira ntchito zachipatala sadana nazo zidazi. Kachipangizo kopanira pachala, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa okosijeni m'magazi, kamamuuza namwino m'kanthawi kochepa ngati wodwala angabwerere kunyumba kapena athamangire naye ku chipatala chachikulu cha Chadiza, mwinanso ku Chipata Central. Kuyambira 2021 WHO inavomereza mapulogalamu a pakompyuta owerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB, thandizo lenileni kumene kulibe katswiri wowerenga zithunzizo. Ngakhale kutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa dokotala wamkulu kungapulumutse banja ku ulendo wa makilomita oposa 70. Zida zimene azachipatala amaziyamika n'zofanana pa chinthu chimodzi: zimayankha funso limene ali nalo pamene wodwala ali patsogolo pawo.

Dandaulo lawo lili pa zida zimene zimawonjezera ntchito. SmartCare, njira yosungira mbiri ya odwala pakompyuta, yakhala nafe pafupifupi zaka 20, ndipo inakula makamaka kudzera m'chithandizo cha HIV. Koma kumene magetsi ndi netiweki n'zosadalirika, namwino amalemba m'kaundula wa pepala pamene mzere uli pakhomo, kenaka madzulo n'kukhalanso pansi kulowetsa zomwezo m'kompyuta. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, kampani ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola 17 patsiku, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo amene anakonza dongosolo la SmartCare ali ku Lusaka sanakhalepo pamzerewo. Nanga mapulogalamu a pafoni oti wodwala azilembamo mmene wapumira tsiku lililonse, amene mayiko olemera akuwayesa, akalembedwa ndi yani m'mudzi mmene gogo amabwereka kafoni ka mabatani kwa mdzukulu?

Ena atiyankha kuti popanda kaundula wa pakompyuta boma silingadziwe kuti odwala mphumu ku Chadiza ndi angati, ndipo popanda chiwerengero bungwe logawa mankhwala la ZAMMSA silingatumize mankhwala okwanira. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo ife sitikuti makompyuta atayidwe. Koma chiwerengero chimachokera pa kupima. Makiliniki ambiri a kumidzi alibe makina opimira mphamvu ya mapapo, ngakhale kachubu kotchipa kouzira kamene kamayesa mpweya. Munthu wokhosomola akapimidwa makhololo n'kupezeka kuti alibe TB, kawirikawiri amapatsidwa amoxicillin n'kubwerera kwawo, mwezi wamawa n'kubweranso. Kompyuta ikalandira mawu akuti "chifuwa" kasanu, idzasunga "chifuwa" kasanu mwaukhondo, wodwalayo osadziwikabe chimene chikumutha.

Tsono apa tileke kunyengerera. Takhala tikulemba patsamba lino mobwerezabwereza za kapepala koti "mukagule ku famase", ndipo sitisiya. N'chamanyazi kuti munthu wolephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu apatsidwe pepala m'malo mwa inhela, kapena mapilitsi a salbutamol onjenjemeretsa manja pamene dziko lonse likudziwa kuti wopopera ndiye amagwira msanga. N'chamanyazi kuti inhela ya beclomethasone, yoteteza kuti mphumu isayambe, imveke ngati mankhwala a anthu a m'tauni. Ofufuza a ku America anayendera mafamase oposa 2,000 m'dziko muno n'kupeza mankhwala aulere akugulitsidwa. Amene anawatulutsa m'nyumba zosungiramo ndi anthu okhala ndi makiyi ndi masitampa, ndipo munthu wotere amathanso kulemba bodza m'kompyuta. Nduna ya Zaumoyo itiuze kuti akuluakulu angati aimirira m'khoti, isatiuze dzina la pulogalamu yatsopano.

Chimene tikupempha n'chapafupi. Chida chilichonse chisanagulidwe, ofesi ya zaumoyo m'boma la Chadiza ifunse anamwino ndi ma clinical officer ngati chidzawapungulira ntchito, ndipo yankho lawo lilemekezedwe. Phungu ndi komiti ya thumba la chitukuko la CDF, imene mu 2025 inali ndi ndalama zoposa K36 miliyoni, aike sola pa kiliniki iliyonse asanaganize za matabuleti. Azachipatala aphunzitsidwe kusiyanitsa mphumu, COPD ndi zipsera za TB, ndiponso kuonetsa mayi mmene angaboolere botolo la pulasitiki la 500 ml kuti mwana apumiremo mankhwala a inhela, njira imene madokotala a ku Cape Town anaitsimikizira kalekale. Pomaliza, ngati Unduna ukunyadira njira yake yolondolera mankhwala, uzimata pakhomo la kiliniki iliyonse, mwezi uliwonse, chiwerengero cha ma inhela amene anatumizidwa ndi amene anafika. Anthu a ku Chadiza amadziwa kuwerengera, ndipo adzafunsa okha kumene otsalawo alowera.