Mozambique wa m'nyuzipepala zathu

Dziko la Mozambique limatchulidwa m'nyuzipepala ndi pawailesi zathu pokhapokha kukagwa zovuta. Kumapeto kwa 2024, anthu kumeneko atakana zotsatira za chisankho cha pa 9 October chomwe chinapereka mpando kwa Daniel Chapo wa chipani cha Frelimo, nkhani zinadzaza masamba. Koma tinkalemba zotani? Kuti magalimoto onyamula mafuta akulephera kudutsa msewu wa ku Beira, mizere yatalika m'malo omwetsera mafuta, othawa kwawo afika ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Zonsezo n'zoona, koma ndi nkhani za ife eni.

Chimene chinachititsa achinyamata a ku Maputo ndi ku Nampula kukhamukira kwa Venâncio Mondlane, yemwe anapikisana ndi Chapo, tinasiyira a BBC ndi a Reuters: ulova, ngongole zobisa za pafupifupi madola 2 biliyoni zomwe zinaululika mu 2016, komanso chuma cha gasi ku Cabo Delgado chomwe mphawi amangochimvera m'kamwa mwa anzake. Nkhani ya ku Tete, pakhomo pomwepa, imayamba yazungulira ku London kenaka ife n'kuikopera.

Akonzi ena amati vuto ndi Chipwitikizi. Ine sindivomera. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 cha ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, akudziwa kuti ukangowoloka msewuwo waponda dziko la eni. Mbatata ya kachewere yochuluka imene timagula pamenepo imalimidwa ku Angónia, ku Mozambique, ndipo oilimawo amalankhula Chichewa chomwechi. Amakwatirana nafe, timakumana pamaliro. Mtolankhani safuna womasulira kuti awafunse mtengo wa feteleza kapena za sukulu za ana awo. Chikhalirecho, anthu amenewa amaonekera kwambiri m'nkhani za kupolisi, ng'ombe kapena njinga yamoto ikabedwa n'kuwolotsedwa malire. Mwana wokulira pa nkhani zotere angakhulupirire bwanji kuti dziko lino linasungapo anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nkhondo yawo isanathe mu 1992?

Anansi enawo zawo n'chimodzimodzi. Tanzania timaikumbukira mkangano wa nyanja ukabuka, n'kufukula pangano la malire la 1890, kapena katundu akakhalitsa padoko la Dar es Salaam. Zambia ndi ya chimanga kukagwa njala, ndi Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika mwezi wa August. Mwambo ukatha, makamera amapakiridwa.

Zikatero, maiko akasemphana pang'ono, owerenga amakhala kuti anaweruza kale, chifukwa mnansi amene amamudziwa ndi wa mavuto yekhayo.

Inu akonzi a The Nation, Times, Zodiak ndi MBC, ulendo wochoka ku Dedza kupita ku Ulongwe wa ku Angónia sungagwetse kampani. Tumizani mtolankhani kumeneko mwezi uno, kulibe chisankho, kulibe namondwe, akatilembere mmene abale athuwo akukhalira.