Pacemaker ya Malemu: Tiilandire Kapena Tiikane?

Mtima uli ndi magetsi ake. Kamphamvu kamayambira m'zipinda zam'mwamba n'kutsikira m'zam'munsi, ndipo munthu akakhala phee mtima umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Njira ya kamphamvuko ikaduka, kugunda kumatsika kufika pa 40 kapena 30. Gogo amene dzana ankapalira chimanga amangoti chizungulire, kenako khu! wagwa pakhonde. Achibale amati ndi khunyu, ena amati ndi ukalamba, ena ayamba kale kulozana zala. Chonsecho namwino akanangomugwira pamkono n'kuwerenga, kenako n'kumujambula ECG, vutolo likanaonekera poyera. Mapiritsi salithetsa. Chimafunika ndi pacemaker, kachipangizo ka batire kamene amakaika kunsi kwa khungu pachifuwa, timawaya take n'kudutsa mumtsempha kukafika mumtima.

Yoyamba anaiika Åke Senning ku Sweden mu 1958, ndipo inangogwira ntchito maola ochepa. Koma wodwalayo, Arne Larsson, atamusinthira kambirimbiri, anafika zaka 86 n'kumwalira mu 2001, dokotala wake atatsogola kale. Lero kuli Micra, yaing'ono ngati kapisozi, yopanda mawaya, imene America inavomereza mu 2016. Nzeru zapita patali, koma mtengo wake ndi madola masauzande, ndipo kwa banja lodalira fodya kapena geni ya tomato nkhaniyo imathera pomwepo.

M'mayiko amene amatentha mitembo amayamba achotsa pacemaker, poti batire ikhoza kuphulika pamoto. Zambiri zimakhala zidakali ndi mphamvu ya zaka zingapo. A My Heart Your Heart a ku University of Michigan, ndiponso bungwe la Pace4Life ku Britain, amazitolera, n'kuonetsetsa kuti zayesedwa ndi kuphedwa tizilombo, kenako n'kuzitumiza kumene odwala sangakwanitse kugula.

Okana ali ndi mfundo, ndipo sindiwaderera. Ku America komweko saloledwa kuika kachipangizo kotere mwa munthu wachiwiri. Nanga chimene iwo akuti sichiyenera nzika zawo, ife chikutiyenera bwanji? Kaunjika tinamuzolowera pathupi, osati m'kati mwa chifuwa. Tizilombo tikalowa pamalo oikapo pacemaker, pamafunika kuchotsa zonse ndi mawaya omwe, ntchito yoopsa. Batire yotsala pang'ono ndiye kuti opaleshoni ina ibwera msanga. Pacemaker ikafa mwadzidzidzi, wopanga adzati ife tinalemba kuti n'njogwiritsa ntchito kamodzi. Palinso za mumtima mwa munthu: si aliyense angagone tulo akudziwa kuti chikumugundira m'chifuwa chinachokera m'thupi la malemu.

Komabe mantha a tizilombo anayesedwa. Mu 2024 ofufuza a ku Michigan analengeza zotsatira za odwala pafupifupi 300 m'mayiko asanu ndi awiri, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi Nigeria. Theka analandira zatsopano, theka zokonzedwanso, ndipo patatha masiku 90 matenda a pabala sanachuluke kwa olandira zakalezo. Masiku 90 ndi ochepa, inde, poti tizilombo tina timabisala miyezi. Koma madokotala a pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, amene akhala akuchita zimenezi kwa zaka, anapezanso zofanana.

Ine ndaima apa: gogo uja sakusankha pakati pa yatsopano ndi yakale. Akusankha pakati pa yakale ndi kugwanso, mwina pachitsime kapena pamoto. Kumumana m'dzina la ulemu ndi kumulipiritsa iye ulemu wa ife athanzi. Chokhacho, auzidwe chilungamo asanasaine, m'chilankhulo chake, ndipo akakana asakakamizidwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si kachipangizoko ayi. Pacemaker imafuna dokotala wodziwa kuiika, makina ojambulira kuti waya afike pamalo pake, ndiponso kompyuta yoiwerenga chaka ndi chaka kuti batire isathe mwakachetechete. Kutumiza makatoni popanda kuphunzitsa anthu n'kungodzaza mashelefu. Ndipo tikavomera kulandira, tikonzekerenso tsiku limene dokotala adzafike kwa mwinimbumba, adzukulu asananyamule makasu, kudzapempha kuti achotse kachipangizo m'chifuwa cha mayi athu kuti kakagundire mayi wa wina.